Chitini cha Pamsomali

"Ngakhale utoto umabereka, iwe!" anakuwa a Utawaleza, akuloza mkazi wawo ndi burashi youma. "Wachikasu ukakumana ndi wabuluu pamabadwa wobiriwira. Wofiira ndi wachikasu, pamabadwa walalanje. Nanga iwe ndi ine, zaka zonsezi pabadwa chiyani? Mphepo!"

Mkaziyo anali ataima pakhomo la chipinda chogona atakumbatira mtolo wa zovala zake. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Poti m'mawa uliwonse mwamuna wake, wapenti wotchukayo, ankakuwa kuti "Takasa! Takasa utotowo, iwe!", ana a m'nyumba zoyandikana anangomutcha a Takasa, ndipo dzinalo linamata ngati penti yamafuta.

"Nyimbo imeneyo ndinakuphunzitsani ndine, bambo," anatero a Takasa motsitsa mawu. "Lero mwaisandutsa chikwapu?"

"Tamumvani!" analowerera apongozi, amayi ake a mwamunayo, amene anakhala pampando wautali atapinda manja. "Ati anaphunzitsa mwana wanga! Kutakasa chitini n'kuphunzitsa munthu ntchito? Iwe, ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Wadya za dzina la mwana wanga mpaka wanona, koma ine mdzukulu sindinamugwirepo. Mnzakoyu ali ndi pakati. Akagone kuti, pansi?"

Mnzakeyo, mtsikana amene anafika dzulo lake ndi sutikesi yofiirira, anali atabisala kuseri kwa katani, mapazi okha akuoneka.

"Ndiye ine ndikagone mu shedi, ndi zitini?"

"Si anzako omwewo?" anaseka a Utawaleza. "Mumamvana."

"Bambo, ndifunse chinthu chimodzi. Nyumba ino tinamanga ndi ntchito ya ndani?"

"Manja ndi anga. Burashi ndi yanga. Dzina lili pachikwangwani panjapo ndi langa."

"Nanga maso?"

Apongozi anayang'ana chitseko chakunja ngati kuli wina akumvetsera. A Utawaleza anayandikira mpaka mpweya wawo unamveka pamphumi pa mkazi wawo.

"Unalumbira," ananong'ona. "Unalumbira pa malemu amayi ako."

"Ndinalumbiradi. Pakamwa panga sipadzatuluka."

Anatuluka ndi mtolo wawo, misozi ili chapafupi koma osailola kugwa. Mkwiyo umene unawagwira tsiku limenelo sunali woswa mbale. Unali wozizira, wokhala pansi n'kudikira.

Shedi ya utoto inali kuseri kwa nyumba, ya malata, yazenera limodzi. Munkanunkha mafuta otsukira maburashi moti maso ankachita kuyabwa. Pakati pake panali chithabwa chachikulu chozungulira, chochoka pa chigubu chokulungira mawaya a magetsi, chimene a Takasa anachigubuduza okha kuchokera kumsewu atangokwatiwa kumene. Pathabwalo panali zitini zisanu ndi chimodzi zoikidwa mozungulira, ndipo m'mphepete mwake munakhomedwa msomali umodzi. Ili ndilo ankalitcha gudumu, ndipo chinsinsi chonse cha banja lija chinali pamenepo.

A Utawaleza, amene anthu ankati utoto umawamvera ngati galu, sankatha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anabadwa choncho. Wabuluu ndi wachikasu ankauona bwinobwino, koma wofiira, wobiriwira ndi ana awo onse kwa iwo zinali ngati dothi limodzi. Amene ankadziwa zimenezi anali amayi awo ndi mkazi wawo basi. Utoto wosakanizira ankagula wopungula n'kumathira m'zitini zakale zopanda zolemba, ndiye a Takasa anawaikira dongosolo loloweza pamtima. Pamsomali, wofiira. Kutsata dzanja lamanja, walalanje, wachikasu, wobiriwira, wabuluu, wapepo, n'kubwerera pamsomali. Makolo ndi atatu, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, ndipo pakati pa awiri aliwonse pakhala mwana wawo. Oyang'anizana ndi adani, ukawaphatikiza umapeza matope. Mwamunayo analoweza mpaka ankayimba ali m'bafa. Pamaso pa makasitomala ankasakaniza monyadira, mkazi wawo akutakasa chogwada. Utoto ukapelewera a Takasa ankatsokomola, ukakwana ankagogoda ndodo pachidebe. Anthu ankangoti mayiyu ali ndi chifuwa chosamva mankhwala.

Masabata anadutsa a Takasa akugona pamphasa pafupi ndi gudumu lawo. M'mawa ankatsukabe maburashi, masana ankasefabe utoto. Nthawi zambiri ankaganiza zongotuluka pamsewu n'kukuwa zonse, koma lumbiro linali litawamanga lilime. Ndiponso khoswe akakhala pamkhate sapheka, kuyalutsa mwamunayo kunali kuswa mphika umene iwonso ankadyeramo.

Tsiku lina kunafika mayi wa holo, mwini chinyumba chachikulu chochitiramo maphwando kumsika, mzimayi wamawu ngati belu. Anatulutsa kansalu m'chikwama.

"A Utawaleza, mwana wanga wamkazi akukwatiwa, ndipo holo yonse m'kati ndikufuna ikhale chonchi. Pinki wofatsa, wofanana ndi madiresi a operekeza. Alendo akuchokera kutali, ndiye musandichititse manyazi."

A Utawaleza anakweza kansaluko padzuwa, kukatembenuza uku ndi uku, akugwedeza mutu ngati dokotala. Maso awo anaba pang'ono kuyang'ana a Takasa, amene anali kukolopa pansi.

"Woyera chidebe, wapamsomali tikapu tiwiri," anatero a Takasa ngati akudzilankhula okha.

"Ndimati ndinene zomwezo! Khala chete akulu akamalankhula," anakalipa mwamunayo. "Mayi, pitani m'tauni mukagule zanu mtima uli m'malo. Mundisiyire kiyi. Mukudziwa ine ndimagwira nditatseka zitseko, fumbi ndi mdani wa penti."

Mayi wa holo atachoka, a Utawaleza anatsamira pachitseko cha shedi akusewera ndi kiyi uja.

"Ntchito imeneyi ndipita ndekha. Ndipo ikatha, uzipita kwanu. Amayi atumiza kale mawu kwa alongo ako."

"Ndizipita ndi chiyani?"

"Ndi zimene unabwera nazo."

"Nanga gudumuli adzakudzazirani ndani?"

"Dziko linasintha, mayi. M'tauni mwabwera utoto wa m'zitini zolembedwa mayina. Ndikamaliza holoyi ndikagula umenewo. Kuwerenga ndimatha, sindifunanso chifuwa cha munthu."

Apa m'pamene mkhate uja unasweka. A Takasa anaona kuti palibenso chimene ankasunga. Unyamata wawo unathera m'fungo la mafuta, zikhadabo zinada osayeranso, ndipo malipiro ake anali mtolo womwewo wa zovala. Anafuna kuti munthu ameneyu amve kuwawa, amve pagulu, monga iwo anamvera pamaso pa kamtsikana ka kuseri kwa katani.

Masana a tsiku loti mawa lake ntchito iyamba, mwamunayo atapita kukabwereka makwerero, a Takasa ananyamula chitini cha pamsomali ndi dzanja limodzi, cha wobiriwira ndi linalo. Kusinthanitsa kunali kosavuta, ngakhale mwana akanatha. Anaima choncho zitini zili m'manja. Koma akatero mlandu udzakhala wawo, apongozi adzayenda mudzi wonse kunena kuti chumba chija chinalinso mfiti. Anazibweza chilichonse pamalo pake. Kenaka anatenga kasanza n'kupukuta zitini ziwirizo, ziwiri zokhazo, mpaka zivindikiro zinawala. Zinazo anazisiya ndi fumbi lake. Anazikhazikanso mopotoka pang'ono, kuti mkombero wa fumbi wa pansi pake uzionekera.

"Akulu," anamveka mawu pakhomo. Anali mkazi wamng'ono uja, atatseka mphuno ndi nsalu, poti fungo la utoto linkamusanzitsa. "Ndimafuna beseni lochapira."

"Lili apo, tenga." A Takasa anatsegula chitini cha pamsomali n'kuvundula ndi kamtengo, n'kukweza kuti utoto uyenderere pakuwala. "Taona, mnzanga. Ukuona bwanji?"

"Iii, kufiira ngati magazi!"

"Umenewu malo ake ndi pamsomali pano. Uzikumbukira, poti shedi ino ikhala yako."

Mtsikanayo anatenga beseni n'kuthawa, akufuna kusanza.

M'mawa mwake a Utawaleza analowa akuimba mluzu, atanyamula zidebe za utoto woyera. Atafika pagudumu mluzu unaduka. Anayang'ana zitini zowala zija, anayang'ana mikombero ya fumbi, anayang'ana mkazi wawo amene anakhala pamphasa akupesa tsitsi.

"Wagwira zitini izi ndani?"

"Ine."

"Umatani nazo?"

"Ndimapukuta. Poti ndikupita, ndimati ndisiye paukhondo."

"Ziwiri zokha? Adani okhaokha?"

"Dzanja linatopa, bambo."

Mwamunayo anatsegula zonse ziwiri. Anasunsa chala muno, anasunsa umo, anapaka pakhoma, anatuluka nazo padzuwa, ananunkhiza ngati utoto uli ndi fungo la mtundu wake. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Wasinthanitsa."

"Mwatero ndinu."

"Ndiuze zoona, iwe! Wofiira ndi uti?"

"Nyimbo mumaidziwa. Pamsomali, wofiira."

"Ukunama!"

"Ngati ndikunama, mboni zilipo. Amayi anu maso anachita nkhungu, koma mnzangayo maso ake ndi akuthwa. Muitaneni, mumufunse kuti, 'Wokondedwa, ichi ndi chamtundu wanji?' Safunsa anadya phula, bambo."

A Utawaleza anayang'ana kunyumba. Mtsikanayo anali kuyanika zovala, akuimba. Anawakonda chifukwa cha dzina lawo, ankauza anzake kuti anakwatiwa ndi munthu amene amapanga mitundu ndi manja. Mwamunayo anatsegula pakamwa kuti amuitane, n'kutsekanso. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

"Ndimakudziwa," anatero akumwetulira ndi mano okha. "Munthu wothamangitsidwa sangasiye kuipitsa pakhomo. Ndikanakhala ine ndikanasinthanitsa. Ukuyesa ndine mwana?"

Ananyamula chitini cha pamsomali n'kuchiika kumene kunali chinzake, chinzakecho n'kuchikhazika pamsomali ndi mphamvu, mpaka gudumu linagwedera. Anatunga m'chitini chimene anaika pamsomalicho n'kuthira tikapu tiwiri m'chidebe chilichonse. A Takasa anaona utoto woyera ukusanduka wonga madzi otsukira masamba. Kukhosi kwawo kunayabwa, chifuwa chija cha zaka zonse chinafuna kutuluka chokha. Anachimeza.

"Sutakasa lero?" anaseka mwamunayo.

"Munati mupita nokha."

A Utawaleza anatakasa okha, anatseka zidebe, anakweza pangolo n'kumapita. Pakhomo la shedi mkazi wamng'ono anali ataima ndi beseni lobweza, akuwayang'ana modabwa.

Ntchito inatenga masiku angapo. A Utawaleza anamata manyuzipepala m'mazenera a holo, ankalowa m'mawa n'kutuluka madzulo ali nyadunyadu. Tsiku lomaliza anabwera ndi nsalu yatsopano ya mkazi wamng'ono, n'kuuza a Takasa kuti amange katundu, alongo awo afika mawa.

Mawa lakelo amene anafika si alongo. Anali mayi wa holo, ndi azichimwene ake awiri amapewa ngati zitseko, ndi khamu la anthu a kumsika lowatsatira kudzaonera.

"Tulukani, a Utawaleza! Tulukani mundiuze chimene ndinakulakwirani!"

"Mayi, kwagwanji?"

"Mukundifunsa? Ndinakupatsani nsalu iyi!" Anakupiza kansalu kaja pamphuno pawo. "Ndatsegula holo ndi apongozi a mwana wanga kuti ndiwaonetse, ndapeza makoma onse obiriwira ngati ndere za m'chithaphwi! Mwana wanga akwatiwire m'dziwe la achule? Wakutumani ndani? Ndi wa holo ya kutsidya uja, eti? Wakudyetsani zingati kuti mundiwonongere ukwati?"

"Obiriwira?" Mawu a a Utawaleza anatuluka ngati a mwana. "Koma... koma ndi pinki."

Anthu anaphulika kuseka. Mmodzi wa azichimwene aja sanaseke, anawagwira pakolala n'kuwakweza mpaka zidendene zinasiya pansi.

"Ukutinyozanso? Masiku onsewa uli m'katimo sunaone? Unachita dala iwe. Lero udya burashi yako."

Chibakera chili m'mwamba, apongozi anatuluka akupunthwa, mpango uli m'manja.

"Musamumenye! Musandiphere mwana! Si dala, anthuni, saona! Chofiira ndi chobiriwira kwa iye n'chimodzi, anabadwa choncho!"

Kuseka kunatha. Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo anati, "Wapenti?" ndipo mawuwo anayenda m'khamu lonse. Mchimwene uja anamasula kolala pang'onopang'ono.

Apongozi ataona chimene pakamwa pawo pachita, anatembenukira kushedi. "Ndi uyo! Mfiti iyo! Ndi amene amamuikira zitini, ndiye wasinthanitsa chifukwa cha nsanje!"

A Takasa anatuluka atavala diresi lawo labwino, mpango utamangidwa kale.

"Amayi, ine ndinalumbira kuti za maso a mwana wanu sindidzanena, ndipo onse ano ndi mboni kuti wanena si ine. Za zitinizo, funsani mpongozi wanu wokondedwa. Mnzanga, tsiku lija unadzatenga beseni, pamsomali panali utoto wanji?"

Mtsikanayo anagwira mimba yake, akuyang'ana pansi. "Wofiira. Ngati magazi."

"Nanga anasuntha ndani?"

"Iwowa." Analoza mwamunayo ndi chibwano, osamuyang'ana. "M'mawa mwake. Ndinawaona ndi maso angawa."

A Utawaleza anakhala pansi pafumbi. Anayang'ana mkazi wawo wamkulu ngati akumuona koyamba.

"Sunasinthe?"

"Ndinakuuzani kuti pamsomali pali wofiira. Zaka zonsezi, bambo, ndinakunamizanipo liti? Munandiyeza ndi mtima wanu, ndiye mwapeza zimene zili mu mtima wanuwo."

"Ukanatsokomola," anatero mwamunayo. "Kamodzi kokha."

"Munati simufunanso chifuwa cha munthu."

Mayi wa holo anali atawayang'anitsitsa a Takasa, kuyambira kumaso mpaka kuzikhadabo zakuda zija.

"Ndiye chifuwa chija chinali chimenecho? Mayi, ukwati uli pafupi. Mungaikonze holo yanga?"

"Ndingathe. Koma pinki sapita pamwamba pa wobiriwira, ndi adani amenewo, atulutsa matope. Tiyambe taphimba ndi woyera, uume, kenaka tipake wanuwo. Mundipezere anthu awiri odziwa kugwira burashi, kusakaniza ndi kwanga. Ndipo pangano mupange ndi ine, osati ndi chikwangwani icho."

"Ndi inu. Kuseri kwa holo kuli kachipinda, mukhoza kukhalamo."

Apongozi anagwada n'kugwira mwendo wa a Takasa. "Mwana wanga, madzi saiwala khwawa. Zam'banja timakamba m'nyumba. Chipinda chija tikubwezera lero lomwe, uyu akagona pabalaza."

Mkazi wamng'ono anadzutsa mutu msangamsanga. A Takasa anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anamumvera chisoni.

"Wamva, mnzanga? Chaona mnzako chapita." Anachotsa mwendo wawo mofatsa. "Amayi, munati ndipite ndi zimene ndinabwera nazo. Ndikutenga zomwezo."

Analowa mu shedi. Anatsitsa zitini zonse pagudumu n'kuziika pansi pakhomo, osati mozungulira, koma mwachisawawa, ichi apa icho apo. Anaimika chithabwa chija n'kuchigubuduza kutuluka nacho, monga anachilowetsera ali mtsikana, mtolo wa zovala uli pamutu. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. A Takasa ankayembekezera kuti mtima uchita kuvina, ndipo unakomadi, sangakane, koma pansi pa kukomako panali polemera, chifukwa munthu wakhala pafumbiyo anamukondapo.

Atafika pachipata anamva mawu otsika kumbuyo. Anacheuka. A Utawaleza anali atakwawira pa zitini zija, milomo ikuyenda, akuimba nyimbo yawo chapansipansi, chala chikufufuza msomali umene kunalibe. Wachikasu anaupeza, wabuluu anaupeza. Kenaka ananyamula chitini chimodzi mwa zotsalazo n'kuchikwezera kwa mkazi wamng'ono, anthu onse a kumsika akuonerera.

"Wokondedwa," anatero, "ichi ndi chamtundu wanji?"

A Takasa sanadikire yankho. Anakankha gudumu lawo kulowa mumsewu.